Chisoti cha Apollo 11 chopangira kunyumba: kumangirira magalasi akumaso

Kumayambiriro kwa June

Chigoba cha chisoti chatha tsopano, ndipo zolemba zino zikuyambira pa gawo lomwe ndakhala ndikuliona kuti ndilo lovuta kuposa onse, lomwe ndi kumangirira magalasi akumaso. Chisotichi ndi cha sewero la kusukulu lomwe mng'ono wanga adzasewere ngati Buzz Aldrin mwezi wa July, pokumbukira tsiku la 20 July 1969 pamene Aldrin ndi Neil Armstrong anatera pamwezi pa ulendo wa Apollo 11. Chigobacho ndinachipanga ndi fomu ya EVA, yonga yomwe amapangira mapatapata, yokhuthala mamilimita 10, yomwe ndinaidula m'zidutswa n'kuzilumikiza ndi guluu wa nsapato, ndipo kutsogolo ndasiya chibowo chachikulu choyambira pamphumi mpaka kunsi kwa chibwano.

Chisoti chenichenicho chinali ndi zigawo ziwiri. Mkati munali mbulunga yoonekera ya pulasitiki ya polycarbonate, yomwe inkakoledwa ku mkombero wachitsulo wa m'khosi mwa suti ya A7L, suti yosokedwa ndi kampani ya ILC ku Dover m'dera la Delaware, ndipo mbulungayo ndiyo inkasunga mpweya wopuma. Pamwamba pake ankavekapo chigoba china chotchedwa LEVA, chomwe chinali ndi magalasi awiri otsika ndi kukwera, otembenukira m'mbali cha pamakutu. Lamkati linali loteteza, pamene lakunja linali lokutidwa ndi golide wopyapyala kwambiri wobweza kuwala ndi kutentha kwa dzuwa. M'chithunzi chotchuka chomwe Armstrong anajambula Aldrin ataima pamwezi, nkhope ya Aldrin siioneka n'komwe. Zooneka m'galasi lagolidelo ndi Armstrong mwiniwake ndi chombo chomwe anaterera nacho. Oonerera sewero sadzawerenga misoko ya suti, koma galasi limenelo adzalizindikira ali kumbuyo kwa holo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti likhale bwino kuposa china chilichonse.

Changa chidzakhala ndi magalasi awiri: loonekera lamkati lomwe lizikhala chilili, ndi lagolide lakunja lomwe lizitsika ndi kukwera. Mfundo yomwe ndatsimikiza ndisanagwire chida chilichonse ndi yakuti palibe galasi lomwe lidzamatidwe ndi guluu. Ambiri opanga zisoti zotere amathamangira guluu chifukwa ndiye wamanga chigoba chonse ndipo chitini chimakhala chili pafupi. Koma fomu ndi chinthu chofewa, chomwe chimatanuka munthu akamalowetsa mutu n'kubwerera m'malo mwake mutu ukalowa, pamene galasi ndi louma ndipo silitsatira kutanukako. Zinthu ziwiri zosiyana chonchi zikamatidwa m'mphepete monse, mphamvu yonse ya kuvala ndi kuvula imathera pa msoko wa guluuwo, ndipo tsiku lina umamatuka kapena fomu imang'ambika pambali pake. Kuwonjezera apo, galasi limakandika, limada, limafuna kupukutidwa mkati, ndipo likawonongeka liyenera kutuluka popanda kuphwasula chisoti chonse.

Pakati pa June: kusankha pulasitiki ndi kuiumba

Bambo wina wolemba zikwangwani anandipatsa zidutswa zotsala pa ntchito zake, ndipo ndinaziyesa zonse ndisanagule pepala lalikulu. Acrylic, yomwe ambiri amaitchula kuti Perspex, ndi yowala bwino kwambiri, koma imang'aluka msanga ikamabooledwa pafupi ndi m'mphepete, ndipo ikasweka imasiya zidutswa zakuthwa. Chinthu chotero sindingachiike patsogolo pa maso a mwana. Polycarbonate ndi yolimba zedi, koma kuiumba kunyumba n'kovuta chifukwa imamwa chinyezi cha mumpweya, moti ikatenthedwa isanaumitsidwe kwa maola ambiri imatuluka timatuza mkati mwake. Yomwe yatsala ndi PETG, mtundu wa pulasitiki womwe unagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zotchingira kumaso za nthawi ya Covid-19 mu 2020, ngakhale kuti zimenezo zinali zopyapyala kuposa zomwe ndikufuna. PETG imayamba kufewa ikafika cha m'madigiri 80, imaumbika bwino pakati pa madigiri 130 ndi 150, ndipo imadulika ndi sizasi yolimba osang'aluka. Ndasankha yokhuthala mamilimita 1.5.

Chikombole ndinachiumba ndi pulasitala pamwamba pa mpira waukulu, ndinachisalaza ndi sandipepa, kenaka ndinachikuta ndi nsalu yofewa yopanda mizere, chifukwa pulasitiki yotentha imatengera chilichonse chomwe yakhudza, ngakhale ulusi wa nsalu. Pepala la PETG ndinalipana pakati pa mafulemu awiri a matabwa n'kuliika mu uvuni waung'ono wamagetsi womwe sitiphikiramo chakudya, mawindo onse ali otsegula. Apa pamafunika maso, osati wotchi. Poyamba pepalalo limachita mafunde ngati lawonongeka, kenaka limakungika n'kuwongoka lokha, ndiyeno pakati pake pamayamba kulendewera pang'onopang'ono. Pamene kulendewerako kwafika pa zala ziwiri ndinalitulutsa nditavala magolovesi okhuthala, n'kulikanikizira pachikombole mofanana mbali zonse mpaka litazizira. Galasi lomwe latuluka ndi loyera, ndipo kupyapyala komwe kwachitika pakati penipeni sikukupotoza zinthu munthu akamayang'ana.

Lagolide sindinaliumbe ndekha. Ndinaganizapo zomata pepala lagolide lotchingira mawindo a galimoto, koma pepala limenelo limapindika mbali imodzi yokha, ndipo likaikidwa pa chinthu chobulungira limachita makwinya monga momwe nyuzipepala imachitira ukakulunga dzungu. M'malo mwake ndagula galasi lobulungira la chisoti cha njinga yamoto, la mtundu womangidwa ndi mabatani atatu pamphumi, lomwe limabwera lili kale ndi nkhope yagolide yonyezimira. Galasili ndi la polycarbonate, monga mbulunga yamkati ya chisoti cha Aldrin, koma zimenezi zikutanthauzanso kuti ndiyenera kusamala ndi mankhwala aliwonse omwe angalikhudze.

Ngakhale ndinali nditakana kale guluu, ndinayesabe mitundu itatu pa zidutswa zotsala kuti ndione ndi maso zomwe zimachitika, ndipo zotsatira zake ndi zoyenera kulembedwa. Supa guluu anasiya nkhungu yoyera kuzungulira dontho lililonse, ndipo pa chidutswa china, pomwe ndinagwira ndi chala, chidindo cha chalacho chinaoneka choyera mbee, mzere uliwonse payekhapayekha, ngakhale kuti guluuyo sanafikepo. Chimachitika n'chakuti nthunzi ya cyanoacrylate, mankhwala omwe amapangira supa guluu, imauluka n'kukauma pomwe pali chinyezi kapena mafuta a pakhungu, ndipo akatswiri ofufuza milandu amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyi poonetsa zidindo za zala. Nkhungu imeneyi ikalowa pagalasi siichoka ndi sopo. Guluu wa nsapato, pa kachidutswa ka polycarbonate komwe ndinakapinda pang'ono, anabweretsa timing'alu tambirimbiri tooneka munthu akalozetsa kachidutswako ku dzuwa, chifukwa mankhwala osungunulira guluuyo amadya pulasitiki yomwe ili yokungika. Guluu wamoto, wothiridwa ndi kamfuti kamagetsi, sanawononge kanthu, koma anasendeka ndi chikhadabo chokha, ndipo amafewanso chisoti chikasiyidwa m'galimoto yotentha.

Kumapeto kwa June: potembenukira

Ili ndilo gawo lomwe ladya nthawi yambiri, ndipo ndi loyeneradi kutero. Galasi lakunja likamakwera limayenda mozungulira bawuti lomwe lamangidwapo, choncho bawutilo liyenera kukhala pakati penipeni pa kupindika kwa chigoba, kuchokera pachibwano kudzera pamphumi mpaka paliwombo. Likakhala patsogolo kapena kunsi kwa malo amenewo, galasi limakakhula pamwamba pa chigoba lisanafike pomwe likupita. Likakhala kumbuyo kapena pamwamba, galasi limayandama kutali ndi chigoba likakwezedwa, n'kusiya mpata wonyansa womwe oonerera angauone. Kungoloza pakhutu ndi diso n'kuboola sikukwanira, chifukwa khutu la munthu silidziwa kanthu za kupindika kwa fomu.

Njira yomwe ndatsata ndi ya masamu a kusekondale. Ndinagoneka chisoti chammbali n'kujambula mzere wa kupindika kwake pa katoni, kenaka ndinasankha malo atatu pamzerewo, pachibwano, pamphumi ndi paliwombo, n'kuwalumikiza ndi mizere iwiri yowongoka. Pakati pa mzere uliwonse ndinajambula wina woupingasa mowongoka, ndipo pomwe iwiri yopingasayo yakumana ndiye pakati pa kupindikako. Kuti nditsimikize, ndinadula katoni ina m'maonekedwe a mbali ya galasi, ndinaibaya ndi msomali pamalo omwe ndapezawo, n'kuizunguza uku ndikuyang'ana mpata. Mpatawo unakhala pafupifupi mamilimita 6 ulendo wonse, wongokwanira kuti galasi lisakhudze nsalu yoyera yomwe idzakute chigoba pamapeto.

Kupeza malowo mbali imodzi ndi theka chabe la ntchito, popeza mabawuti awiriwo ayenera kuyang'anizana ndendende. Limodzi likangokwera pang'ono kuposa linzake, galasi limapotoka pokwera, mbali imodzi imalimba, ndipo pulasitiki imakhala yokungika nthawi zonse pamalo pomwe yabooledwa, pomwenso m'posavuta kung'aluka. Ndinaboola timabowo ting'onoting'ono mbali zonse ziwiri n'kulowetsa kachitsulo kowongoka kodutsa chisoti chonse, ndiyeno ndinaimika chisoti patebulo losalala n'kuyeza kutalika kwa nsonga ziwirizo kuchokera patebulo komanso kuchokera kutsogolo. Fomu ndi yabwino pa ntchito ngati iyi, chifukwa kabowo kakang'ono kakafuna kusunthidwa kamatsekeka kokha.

Vuto lotsatira n'lakuti fomu siigwira bawuti. Munthu akamanga nati pafomu yokha, fomuyo imaphwanyika, bowo limakula tsiku ndi tsiku, ndipo galasi limayamba kugwedera. Choncho ndinadula timbale tiwiri tozungulira totambalala mamilimita 60 kuchokera ku bolodi la PVC la mamilimita 3, lomwe olemba zikwangwani amagwiritsa ntchito, ndinakumba fomu chamkati mpaka theka la kukhuthala kwake, n'kumatiramo timbaleto. Apa guluu wa nsapato ali pamalo pake, chifukwa akumata fomu ndi bolodi, ndipo ndinasiya chisoti pamphepo mpaka fungo lonse litatheratu ndisanayandikize galasi la polycarbonate.

Dongosolo la zitsulo, kuchokera mkati kupita kunja, lili motere. Mutu wa bawuti la M4, kutanthauza lokhuthala mamilimita 4, uli mkati mwa chisoti, wokutidwa ndi kachidutswa ka fomu yofewa kuti usakande khutu. Bawutilo likudutsa m'kambale ka PVC, kenaka likulowa m'kapaipi ka aluminiyamu kotambalala mamilimita 6, komwe kakuboola fomu yotsalayo n'kutulukira kunja. Kapaipi kameneka ndiko kakusenza mphamvu ya nati, moti ngakhale nditamanga kwambiri, fomu siiphwanyika ndipo galasi silipanidwa. Pa kapaipiko ndaveka washa wa nsalu yokhuthala yaubweya, kenaka galasi, kenaka washa wa nayiloni, ndipo pomalizira washa wachitsulo ndi nati lokhala ndi mphete ya nayiloni mkati. Washa wa nsaluyo ndiye akupereka kulimba kokwanira kuti galasi liime pomwe lasiyidwa, osagwa lokha. Nati la mphete ndalisankha mwadala m'malo mwa mankhwala amadzi omwe amakaniki amadonthezera pa mabawuti kuti asamasuke, chifukwa mankhwala amenewo amadziwika kuti amang'alula polycarbonate.

Pobowola galasilo ndinayamba ndalikuta ndi tepi yapepala mbali zonse ziwiri kuti golide asakandike, ndinaika thabwa kunsi kwake, n'kuyamba ndi kabowo ka mamilimita 2 ndisanakuze pang'onopang'ono mpaka mamilimita 7. Bowolo ndi lokulirapo kuposa kapaipi mwadala, kuti pulasitiki ikhale ndi malo ofutukukira ikatenthedwa ndi dzuwa kapena magetsi a pasiteji. Pakati pa bowo pali mamilimita 18 kuchokera m'mphepete mwa galasi, ndipo m'kamwa mwa bowo ndasalaza bwinobwino, popeza mng'alu umayambira pa kakhwawa kakang'ono komwe diso silikaona. Mbali ya pamphumi, pomwe panali mabatani atatu aja, ndaidula ndi sowo ya mano ang'onoang'ono n'kuisalaza ndi sandipepa wonyowa.

Chinthu china chaching'ono chomwe chandisangalatsa ndi chogwirira. Mng'ono wanga adzakhala atavala magolovesi okhuthala, ndipo sangathe kutola m'mphepete mwa galasi ndi zala zotero. Magalasi a LEVA nawonso anali ndi tizogwirira pa chifukwa chomwechi. Ndamangirira kachidutswa ka PVC kumunsi kwa galasi ndi kabawuti kachitsulo ka M3, ndipo pachibwano cha chigoba, moyang'anizana ndi mutu wa kabawutiko, ndakwirira maginito wamphamvu wa neodymium m'fomu. Galasi likatsika limadzikoka lokha pa mamilimita omaliza n'kugwira ndi kaphokoso kakang'ono, ndipo wovala akhoza kuwerama kutola mwala pasiteji popanda galasi kutseguka. Pamwamba ndaika kachidutswa ka fomu yolimba koletsa galasi kupitirira kumbuyo.

Kumayambiriro kwa July: galasi lamkati ndi nthunzi

Galasi lamkati silinavute. Ndinamata mlomo wa fomu ya mamilimita 5 kuzungulira chibowo chakumaso, n'kudula PETG kuti ipitirire chibowocho ndi mamilimita 12 mbali zonse, ndipo ikukhala kumbuyo kwa mlomowo. Zoigwira ndi tizitsulo tozungulira tomwe ndinamasula kumbuyo kwa fulemu yakale ya chithunzi, tomangidwa pa tizidutswa ta PVC tokwiriridwa m'fomu. Ndikatembenuza tizitsuloto galasi limatuluka, ndipo chigoba chikatanuka galasi limangotsetsereka pang'ono m'malo mwake popanda kukungika.

Chomwe chinafuna kuganiza ndi nthunzi. Tinayesa chisoti m'mamawa kukuzizira, mng'ono wanga akunena mawu ake a m'sewero, ndipo asanamalize ndime yoyamba chinyezi chinali chitayamba patsogolo pa kamwa n'kukwera mpaka kuphimba pomwe maso amayang'anira. Vutoli si la zisoti za fomu zokha. Mu June 1966, pa ulendo wa m'mlengalenga wa Gemini 9A, Gene Cernan anatuluka m'chombo n'kugwira ntchito yolemetsa kwambiri, ndipo thukuta ndi mpweya wake zinaphimba galasi lake moti sankaona bwino, mpaka mbali yaikulu ya ntchito yomwe anatulukira inalekedwa. Kuchokera pamenepo oyenda m'mlengalenga ankapaka mankhwala oletsa nthunzi mkati mwa galasi, ndipo m'zisoti za Apollo mpweya watsopano unkalowera kumbuyo kwa mutu n'kuyenda cha kumaso.

Ndatsanzira njira yomweyo pamlingo wa kunyumba. Kumbuyo kwa chisoti ndaikako kafani ka pakompyuta ka mamilimita 40, koyendera mavoti 5 kuchokera ku pawabanki yomwe idzakhale m'chikwama chakumsana, ndipo ndakumba ngalande m'fomu yamkati kuchokera kunkhongo kudutsa paliwombo mpaka pamphumi, kuti mpweya uzitsikira pagalasi kuchokera pamwamba. Kunsi kwa chibwano ndasiya mpata wa zala ziwiri woti mpweya wogwiritsidwa kale ntchito uzitulukira. Mkati mwa galasi ndapakamo kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale n'kupukuta ndi nsalu yofewa mpaka kusaoneka. Sopoyo amachititsa kuti chinyezi chiyalike mosalala m'malo mosonkhana m'timadontho. Titayesanso m'mawa wina wozizira chimodzimodzi, galasi linakhala loyera mpaka kumapeto kwa mawu ake onse. Mpata wa kuchibwano ndi wofunika kuposa nkhani ya nthunzi yokha, ndipo sudzatsekedwa ngakhale wina atanena kuti ukuonekera. Munthu wopumira m'chisoti chotsekedwa amabwereza mpweya womwe watulutsa, ndipo mutu umayamba kuwawa kapena kuchita chizungulire iye asanazindikire chomwe chikuchitika. Mpata womwewo ukuthandizanso kuti mawu atuluke, ngakhale kuti aphunzitsi a sewero avomera kuti adzafunika maikolofoni yaing'ono ya pakhosi.

Tinayesanso kuona m'chipinda chamdima ndi m'chipinda chowala. Galasi lagolide limaoneka ngati kalilole pokhapokha kunja kukawala kuposa mkati, choncho mkati mwa chisoti ndakutamo nsalu yakuda, ndipo magetsi akamuwalira mng'ono wanga nkhope yake imasoweratu monga m'chithunzi chija. Koma kuwala komwe galasi likubweza ndi komwenso sikukufika m'maso mwake, moti pamalo amdima saona masitepe. Tagwirizana kuti azilowa ndi kutuluka galasi lagolide lili m'mwamba, azilitsitsa pokhapokha ali pakati pa siteji magetsi akuyaka, ndipo m'mphepete mwa siteji mudzamatidwa tepi yoyera. Ndamuuzanso momveka kuti ngakhale galasi lakunja ndi la njinga yamoto, chisotichi ndi fomu yokhayokha ndipo sichingateteze mutu wa munthu pamsewu.

Pamene ntchito yafika

Magalasi onse awiri ali m'malo mwake, lakunja likukwera ndi kutsika osakhula pena paliponse, ndipo manati sanamasuke ngakhale chisoti chavalidwa pa kuyeserera konse kwa masiku apitawa. Mawa ndimasula magalasi onsewo n'kuwakulunga m'nsalu, kuti ndipake chigoba guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi wotseka timabowo ta fomu, kenaka penti yoyera m'malo omwe nsalu siidzafika. Utsi wa penti yopopera umawononga polycarbonate mofanana ndi guluu uja, choncho magalasi adzabwerera pokhapokha pentiyo itaumiratu. Zotsala pambuyo pake ndi kusoka nsalu yoyera yokuta chigoba, kuyezanso mpata wa mamilimita 6 uja nsaluyo itakhalapo, ndi kudula tizivundikiro tiwiri tozungulira tobisa manati, tomwe tidzagwire ndi Velcro kuti sipanala izifikabe pa nati nthawi iliyonse yomwe washa wa nsalu waphwa n'kufuna kumangidwanso.